Nthambi Zamango Pamsewu wa Kumsika

"Ndinu mwaika masamba aja pamsewu, bambo a Lily?"

"Masamba amagwa okha, mayi a Lily."

"Nthambi zathunthu, n'kugwa pamzere?"

Hudson anamufulatira mkazi wake Esteri. Ankalongedza zinanazi m'dengu loti asenze pamutu, popeza njinga yake anailanda, ili mu ofesi ya msika. Lamulo linabwera mwezi watha: njinga isalowe mumsika, isaimikidwenso pafupi, akuti imanyazitsa malo kukabwera alendo. Jailos wogulitsa nthochi atafunsa pamsonkhano kuti nanga katundu azifika bwanji kuchokera ku Milonde, kunabwera galimoto kudzamutenga, ndipo sanabwerebe. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ankati lamulolo ndi labwino kwabasi.

Esteri anatsatira mwamuna wake kumsika. Nthambi zamango zinali zitayalidwa pamsewu, uku ndi uku kwa ofesi, monga amachitira pakagwa maliro. Aliyense wobwera panjinga ankatsika, kuvula chipewa, n'kudutsa akukankha, nkhope ili pansi. Ambiri ankadziwa kuti maliro palibe, koma ankadutsa, n'kubwerera, n'kudutsanso. Palibe ananyoza boma. Ndipo kulemekeza maliro sikunaletsedwepo.

"Mwaona?" Hudson ananong'ona. "Palibe wayankhula. Amanga ndani?"

Zinasokonekera pamene Joice, mkazi wa Jailos, anatulukira akuthamanga, mpango uli m'manja. Wina anali atamuuza kuti pa ofesi pali masamba. Anadzigwetsa pakhonde n'kuyamba kulira akutchula dzina la mwamuna wake. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo, nakhala pansi momuzungulira, ndipo wina anayambitsa nyimbo ya maliro.

"Kamuuzeni kuti si zoona," anatero Esteri.

"Ndikamuuza, afunsa kuti ndadziwa bwanji."

Chitseko cha ofesi chinatseguka. Anatuluka wapampando wa chipani wa m'deralo, anyamata ake ali pambuyo. Anayang'ana nthambi zija, anayang'ana Joice, kenako anayamba kuyenda pang'onopang'ono akuyang'ana manja a amuna onse. Apo m'pamene Esteri anaona utomoni wa mango utadetsa zala za mwamuna wake. Anasuntha kuti amutchinge ndi chitenje, koma wapampando anali ataima kale pamaso pawo.

"A Hudson," anatero mofatsa, "wamwalira ndani?"