Mlandu wa Denga la Laibulale

Mpaka lero munthu akandifunsa ngati mlandu uja tinapambana kapena tinaluza, ndimangokanda m'mutu. Ndayang'anira laibulale ya khonsolo ya mzinda wathu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya mabasi, kokhala ndi mashelefu asanu ndi atatu, mabuku zikwi zinayi, ndi denga la malata lomwe linayamba kudontha mwana wanga wachiwiri ali kumsana. Pano mwanayo ali ku sekondale.

Chaka chilichonse ndinkalemba kalata yopempha malata atsopano, ndipo a Mlembi a khonsolo ankandiyankha kuti ndipirire. Chaka china ndalama za dengalo zinavomerezedwa ndithu, ndinaziona ndi maso angawa papepala, koma sizinatuluke.

Amene anabwera ndi nzeru anali mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, yemwe amagwira ntchito yoyendera nyumba kukhonsolo komweko. Ndi munthu wabwino, kungoti akakhuta amayamba kuganiza. Lamlungu lina titamaliza kudya kwawo, anatsamira pampando.

"Alamu, mukuvutikiranji ndi makalata? Kukhonsolo kuja chomwe amaopa ndi pepala la kukhoti basi. Ine ndibwera kudzayendera laibulale yanuyo, ndilemba kuti ndi yoopsa, kenako ofesi yanga isumira mwini nyumba."

"Mwini nyumba ndi khonsolo," ndinatero.

"Eya."

"Nanga inu mumagwira ntchito kuti?"

"Kukhonsolo. Ubwino wake uli pamenepo, alamu. Akangoona kuti akudzisumira okha achita manyazi, malata afika mawa lake."

Mng'ono wanga anati, "Bambo a ana, mwayambapotu." Ine ndisaname, ndinaseka n'kuvomera.

Chimene tinaiwala n'chakuti kukhonsolo palibe amawerenga mapepala a kukhoti. Dongosolo lake n'lakuti kalata iliyonse yokhala ndi chidindo cha khoti isatsegulidwe, ingopita kwa loya. Ndipo maloyawo alipo awiri, onse akunja, olipidwa pa ola. Wosumira anthu m'malo mwa khonsolo tinkamutcha Wandevu, woteteza khonsolo ikasumiridwa tinkamutcha Wamagalasi. Fomu ya mlamu wanga inapita kwa Wandevu. Chisamani chitafika, mesenjala anachinyamula chosatsegula mpaka kwa Wamagalasi. Palibe anachita manyazi, poti palibe anadziwa.

Patatha miyezi itatu malata osaoneka, ndinakagogoda kwa a Mlembi.

"Bwana, mlanduwu ndi wa ife tokhatokha. Bwanji tingouchotsa?"

"Mayi, nkhani ikakhala kukhoti sitiikamba," anatero. Koma anatsegula fayilo. "Komanso tikauchotsa, tibweza zonse zomwe mbali inayo yawononga."

"Mbali inayo ndani?"

Anatsata mzere ndi chala. "Khonsolo."

"Nanga ife?"

Chalacho chinatsika pang'ono. "Khonsolo."

Tinayang'anana. Bambo wamkulu uja anatseka fayiloyo, n'kuitsegulanso ngati mwina zolembedwazo zisintha.

"Ndifunsa kaye maloya," anatero.

Kufunsako kunalipiritsidwanso. Loya aliyense analemba masamba khumi ndi awiri kulangiza khonsolo kuti isabwerere m'mbuyo, poti mwayi wopambana unali waukulu.

Ine anandiitana ngati mboni ya mbali zonse ziwiri. Lolemba Wandevu anandiphunzitsa kunena kuti denga latheratu, tsiku lina ligwera ana. Lachitatu Wamagalasi anandiphunzitsa kunena kuti limangodontha pang'ono pakona. Nditaima m'bokosi la mboni mutu unaima, sindinadziwenso kuti ndikuthandiza ndani. Ndinangoti, "Limadontha, bwana, koma siligwa, kungoti likhoza kugwa." Onse awiri anagwedeza mitu mosangalala n'kulemba. Mlanduwo unaimitsidwa kasanu ndi kanayi, ndipo nthawi zina maloyawo ankabwera pagalimoto imodzi.

M'chaka chachiwiri ndinapita kwa mayi wosunga chuma kukafunsa za ndalama za denga zija. Anandiyang'ana mwachisoni.

"Achemwali, simunamve? Poti mlanduwo ndi wa denga, maloya amalipidwa kuchokera ku thumba la denga. Zinatha kalekale. Pano tikutapa za magetsi a mumsewu."

"Ndiye kuti denga lalipira anthu okangana za denga?"

"Ine ndimangosainira," anatero.

Ndinapsa mtima, koma sindinadziwe womukalipira. Mlamu wanga anali atayamba kale kundizemba, akandiona pakhonde ankalowa m'chimbudzi.

Tsiku la chigamulo, woweruza anati nyumbayo ndi yoopsa, itsekedwe mpaka itakonzedwa, ndipo woluza alipire wopambana. Wandevu anathamangira kwa a Meya ndi uthenga woti khonsolo yapambana. Asanatuluke, Wamagalasi analowa ndi uthenga woti khonsolo yaluza mopanda chilungamo. Pamsonkhano wa makhansala, ena anaomba m'manja, ena anamenya matebulo. Khansala wina anaimirira n'kunena kuti mzinda uno suluza mlandu ali moyo. Anavota zochita apilu. Ngakhale oomba m'manja aja anakweza manja, akuti kuti akateteze chipambano chawo.

Apo ndinadziwa kuti denga ndaluza. Ndinati bola ndipulumutse mabuku. Ndinapempha makatoni m'masitolo, ndinagwirizana ndi mwini lole, ndipo mng'ono wanga anachotsa mipando pabalaza pake kuti tiunjikepo. Titafika m'mawa tinapeza loko watsopano pachitseko ndi kalata yomata, yosainidwa ndi maloya onse awiri. Pa ichi chokha anagwirizana. Kalatayo inati chilichonse cha m'nyumbamo ndi umboni wa pa apilu, chisasunthidwe. Wandevu ankafuna khoti lidzaone mmene mabuku awonongekera. Wamagalasi ankafuna lidzaone kuti sanawonongeke.

"Apiluyo idzamvedwa liti?" ndinafunsa a Mlembi pafoni.

"Mwina chaka chamawa, mayi. Inu muzingobwera kuntchito, malipiro anu sanaime."

Ndiye ndimabwera. Ndimakhala pakhonde, kuyang'anira laibulale yomwe sindiloledwa kulowamo. Mvula yoyamba inagwa Lachinayi masana. Ndinaimirira n'kuika nkhope pagalasi la windo. Madzi anayamba pa shelefu ya mabuku a ana, amene ndinawakutira ndekha ndi pulasitiki limodzilimodzi, n'kutsikira ku madikishonale. Ndinagwedeza loko uja kawiri ngati wamisala, kenako ndinabwerera pawindo, ndikulira, n'kuonerera mpaka shelefu yonse itanyowa.