Bedi Losayala la Walije

Walije anakwera sitima ya pamadzi ija pa doko la Doha ali ndi maganizo amodzi okha, okagwira ntchito. Zopuma ankangozimvera kwa ena. Zaka zonse zimene anakhala ku Pearl, dera la anthu olemera mu Doha, akusamalira Madamu, gogo wa Chiarabu wovutika maondo, dzuwa linali lisanamupezepo ali gone. Ndiye ana a Madamu atawagulira mayi awo ulendo wautali wozungulira nyanja, n'kunena kuti Walije apite nawo, iye analongedza sopo wochapira, burashi ndi chingwe choyanikira zovala. Munthu wopita kokasangalala n'kutenga chingwe? Koma Walije simungamuuze.

Anamupatsa kachipinda kakekake pafupi ndi ka Madamu, kokhala ndi khonde loyang'ana kunyanja. Nyumba zitalizitali za mu Doha zitazimiririka kumbuyo, kunatsala madzi okhaokha. Ena anayamba chizungulire, koma iye ankangoyenda bwinobwino ngati ali pamsika kwawo ku Balaka.

Moyo wa m'sitima anauzolowera msanga. M'mawa ankakankha wilicheya ya Madamu kuzungulira pamwamba pa sitima, mphepo ikumuvula mpango, gogoyo akumufulumizitsa m'Chiarabu kuti "yalla, yalla" ngati pali amene akupikisana naye. Masana ankatsamira mpanda n'kumaonerera tinsomba touluka pamwamba pa mafunde. Anapezanso makina a ayisikilimu oti umangokoka kachitsulo wekha osapempha munthu, ndipo tisanamizane, makina amenewo anamudziwa nkhope.

Chinthu chimodzi chokha ndicho sakanachilola: kuti munthu wina amuyalire bedi. Iye, manja ali nawo onse awiri? Ankalawirira m'mamawa kuyala bedi monga amayalira ku Pearl, kukwecha bafa, kuchapa matawulo pamanja n'kuwayanika pa chingwe chake pakhonde. Mtsikana woyeretsa zipinda akagogoda, Walije ankatsegula pang'ono n'kumuuza m'Chingerezi kuti zonse zili bwino, azipita. Mumtima ankati akumupeputsira ntchito mwana wa eni ake, ndipo ankadzitamandira nazo kwambiri.

Tsiku lina akuchapa uku akuimba nyimbo ya kwaya ya kwawo, anamva kugogoda, kenako mawu a Chichewa.

"Achemwali, kodi ndinu a kumudzi?"

Walije anatsegula chitseko chonse. Anali mtsikana woyeretsa uja, wowonda, atagwira ngolo yake ya mashiti. "Iwe, nthawi yonseyi osanena? Kwanu n'kuti?"

"Ku Ntaja. Dzina langa ndine Hawa."

Anakumbatirana pakhomo pomwepo, thovu la sopo likudontha m'mikono ya Walije. Koma Hawa sanasekerere nthawi yaitali. Anasuzumira uku ndi uku m'kanjira, n'kutsitsa mawu.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?"

"Kundilakwira? Ine?"

"Ine ndili pa probesheni. Alendo mukapita kokadya, supavaiza amalowa kumachekinga makabini. Mwanu muno amapeza bedi loyalidwa mwa mtundu wina, matawulo ali lendelende pakhonde. Akuti kaya ndine waulesi mpaka mlendo akudziyeretsera yekha, kaya mlendo akundiopa kuti ndimubera. Ndiye andiuza kuti tikamafika ku Doha zinthu zikadali chonchi, nditsike ndi chikwama changa."

"Komatu ine ndimati ndikukuthandiza."

"Mukundichotsetsa ntchito, achemwali."

Walije anachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Atsikana otha ntchito anali atawaonapo ku Al Mansoura, dera lina la mu Doha, atapanikizana m'kachipinda kamodzi kudikira tikiti yobwerera kumudzi chimanjamanja. Manyaziwo posakhalitsa anasanduka ukali, poti ndi mmene analili.

"Ali kuti supavaiza wakoyo? Ndikamuuze ndekha."

"Ayi, chonde. Akadziwa kuti ndadandaula kwa mlendo, umenewo ndi mlandu winanso."

"Nanga ndichite chiyani?"

"Musachite kanthu. Muzingodzuka n'kutuluka basi."

Mwina mukuti zimenezo n'zophweka. Simukumudziwa Walije. M'mawa mwake anadzuka, nayang'ana bedi lili bwanyubwanyu, manja n'kuyamba kuyabwa. Anatuluka, nafika mpaka pa lifiti, kenako anabwerera kudzangowongola pilo yekha. Atawongola pilo anaona kuti shiti yapendekeka. Masana Hawa anakumana naye m'kanjira n'kumuyang'ana cham'mbali.

"Mwakoka shiti."

"Pang'ono pokha."

"Pang'ono pomwepo supavaiza amaona."

Apa m'pamene Walije anamanga mtima. Iye ntchito saigwira mwatheka, ndipo ngati ntchito yake tsopano inali yosokoneza, ndiye aisokoneza kuti aliyense aone. Chingwe chija anachimasula n'kuchiponya pansi pa sutikesi. Mawa lake anadyera mabisiketi pabedi, nyenyeswa n'kuzisiya pomwepo. Tawulo lonyowa analisiya pansi m'bafa, kapu ya tiyi pampando, nsapato imodzi kuno ina uko. Potseka chitseko mtima unamupweteka ngati wasiya mwana akulira, koma sanacheuke.

Anakankha Madamu kuzungulira sitima, nawadyetsa, nawagoneka. Kenako anakakhala pamthunzi ndi mbale ya mango, miyendo atatambasula, pakati pa azungu opsa ndi dzuwa. Palibe amene anamufunsa kuti akutani pamenepo.

Atabwerera kuchipinda anaima pakhomo. Bedi linali litakokedwa mosalala, bafa likununkhira mandimu. Pakati pa bedi panali kanjovu kopindidwa ndi matawulo, kovekedwa mpango wake kumutu. Walije anaseka mpaka kugwira chitseko. Ndiyeno anakhala pampando, kuseka kuja n'kuthera m'misozi. Chichokereni m'nyumba ya mayi ake, panalibe munthu anamuyalirapo pogona. Zinamukomera, ndipo sanadzibisire kuti zamukomera.

Kuyambira pamenepo anasanduka mlendo weniweni, mwinanso kupitirira muyezo. Sitima ikaima pa doko lachilendo, ankabwerako ndi mchenga kumapazi n'kuusiya pakapeti. Ankaimba foni kuitanitsa tawulo lina pomwe ena alipo. Madzulo aliwonse ankathamangira kukaona chinyama cha tsikulo, lero kamba, mawa nyani wolendewera pa hang'ala. Tsiku lina supavaiza, mayi wa nkhope yosaseka, anamupeza atagona chagada pabedi akudya mphesa, n'kumufunsa ngati akukhutira ndi ntchito ya mtsikanayo. Walije sanadzuke n'komwe.

"Khalas, basi, musandisinthire ameneyu," anatero m'Chingerezi chake cha ku Pearl chosakaniza ndi Chiarabu. "Ine za ukhondo sindinyengerera munthu."

Mayiyo anagwedeza mutu n'kutuluka, osaonetsa ngati zamulowa kapena ayi.

M'mawa wa tsiku lomaliza nyumba za Doha zinatulukanso m'chifunga cha fumbi. Walije anali atalongedza katundu wa Madamu ndi wake, koma mtima sunali m'malo. M'kanjira munkadutsa antchito ena atavala zovala zawozawo, zikwama kumsana, amenewo ndiwo otsika. Iye ankangoyang'ana nkhope imodziimodzi.

Kenako anamva kulira kwa mateyala a ngolo. Hawa anatulukira pakona ali mu yunifolomu, mashiti atsopano atawunjikana mpaka m'chibwano.

"Akuti ndipitirire nayo sitima, achemwali. Kontrakiti ndasaina."

Walije anapuma mpweya wautali. Anafuna kumukumbatira, koma supavaiza anali chapafupi, ndiye anangokweza chibwano monga amachitira alendo olemera.

"Nanga ukuimiranji pamenepo? Bedi ilo silinayalidwe."