Tambala wa ku Chiosya

A Timoteyo anatsika minibasi pa Mchinji boma dzuwa lili pamutu, atapanira tambala kukhwapa. Anali tambala wofiira, wa lipombo lalikulu, amene anamuweta miyezi isanu ndi itatu chifukwa cha tsiku limeneli. Miyendo anaimanga ndi luzi. Kondakitala anawaseka njira yonse kuchokera ku Chiosya, koma iwo sanamuyankhe. Ana a masiku ano ukawayankha amayesa ndiwe mnzawo.

Mwana wawo wamkazi, Consolata, ankamaliza maphunziro a uphunzitsi pa koleji imene ili m'tsinde mwa phiri, kumene mphepo ya mu Julaye imatsika ngati yachita kutumidwa. Mwambo anaupeza uli mkati. Mlonda wa pakhomo anati nkhuku silowa mu holo, choncho iwo anaima panja pafupi ndi zenera, n'kumamvera mayina pa chimkuzamawu. Dzina la mwana wawo litatchulidwa anavula chipewa. Palibe amene anawaona. Zimenezo sizinawapweteke kwenikweni, chifukwa chimene anabwerera sichinali mu holo. Anabwerera chakudya cha madzulo: kumuphera mwanayo nkhuku, kukhala naye pansi, n'kudya naye monga bambo ake, anthu akuona.

Wina angafunse kuti nanga bambo amachita kuvutikira zimenezo? A Timoteyo anakhala chikamwini ku Guilleme zaka makumi awiri ndi zinayi. Anaumba njerwa, anamanga nyumba, anabzala mango. Mkazi wawo atamwalira, akuchikazi anawasudzula maliro asanazizire n'komwe. Anachoka ndi khasu, njinga ndi bulangete.

“Mwanayu ndi wathu, atsala,” anatero a Benedicto, alongo ake a malemuwo, pa tsiku losudzulalo.

Mwana anatsaladi. Koma amene anakalowa utenanti ku esiteti ya fodya, zala n'kuda bii ndi utomoni, kuti mwanayo asasiye sukulu, anali a Timoteyo. A Benedicto ankakhala ku Lilongwe. Ankaoneka pa maliro okha, atavala magalasi akuda, n'kuimika galimoto pamalo oti aliyense aione.

Anthu atayamba kutuluka, Consolata anawaona bambo ake ali cha kumpanda. Anathamanga gauni ikuuluka.

“Ababa! Mwabweradi! Bwanji simunalowe?”

“Mnzangayu alibe chiphaso,” anatero akuloza tambala.

Consolata anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira atatembenuka n'kuona amalume ake akubwera ndi akazi awo, pamodzi ndi anzawo ena ovala mataye.

“Alamu, muli bwanji? Mwatenga ndi mlendo?” anafunsa a Benedicto.

“Ndatenga ndiwo.”

“Ndiwo zilipo kale. Ndakonza malo ku loji ya pamtunda paja. Kwerani, nkhukuyo muike kumbuyo m'buti.”

“Iyenda pamiyendo panga.”

Inayendadi pamiyendo pawo, akazi a Benedicto atatsekera mphuno ndi kansalu. Atafika ku loji, a Timoteyo anamangirira tambalayo ku mtengo wa maluwa pafupi ndi khonde, pamalo oti azimuona ali mkati. Iwo sankawakhulupirira alonda a m'tauni.

Tebulo linali lalitali, loyalidwa nsalu yoyera. Panali anzawo a Benedicto, panalinso aphunzitsi awiri a pa koleji. A Benedicto anakhala kumutu kwa tebulo, Consolata pambali pawo. A Timoteyo anawakhazika kumapeto, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Zakumwa zitabwera, a Benedicto anaimirira n'kugogoda tambula ndi foloko.

“Mabwana ndi madona, uyu ndi mwana wanga Consolata. Ndamulera movutikira, lero ndi mphunzitsi. Awa ndi mayi akunyumba. Awo ali ukowo ndi alamu anga a kumudzi.”

Anthu anaomba m'manja. A Timoteyo anayang'ana mwana wawo. Consolata anali atazyolika, akuseweretsa chingwe cha chisoti chake. Bambo akewo anadikira kuti mwina adzutsa mutu, anenepo kanthu. Iye anangopitiriza kuseweretsa chingwecho.

Kenaka woperekera zakudya anabwera ndi mbale yaikulu ya nkhuku yootcha, yoduladula, yozunguliridwa ndi tchipisi.

“Alamu, yambani ndinu,” anatero a Benedicto mokweza mawu kuti onse amve. “Nkhuku imeneyi ndakupherani inuyo.”

Mawu amenewo si oseweretsa. Munthu ukamuphera nkhuku umayamba wamugwiritsa ili moyo, aione kuti si yodwala. Ikapsa imabwera ndi nthutumba yake. Nkhuku yobwera yopanda nthutumba ndiye kuti wina wadyeratu kukhitchini, wina amene eni nyumba amuona kuti ndi wamkulu kuposa iwe. Mwana aliyense wa ku Guilleme amadziwa zimenezi, ndipo a Benedicto anabadwira ku Guilleme komweko.

A Timoteyo anakokera mbale ija pafupi. Anatembenuza ntchafu, anatembenuza chiganga, anasuntha tchipisi. Tebulo lonse linkawayang'ana.

“Achimwene,” anaitana woperekera uja, “nthutumba ili kuti?”

“Pepani bambo, nkhuku zathu zimabwera zilibe. Timagula za m'mapaketi.”

“Nkhuku yobadwa yopanda nthutumba? Imagaya ndi chiyani chimanga?”

Mmodzi wa ovala mataye aja anaphulika kuseka mpaka kutsamwa.

“Alamu, kuno si ku Chiosya,” anatero a Benedicto. “Idyani zimene zilipo.”

“Mwati mwandiphera nkhuku. Mwaipha liti? Inali ya nthenga zotani?”

“Ndimangonena mwaulemu chabe.”

“Ulemu wa pakamwa ndinaudya kale kwanu zaka makumi awiri ndi zinayi. Sukhutitsa.”

Anaimirira, navala chipewa.

“Consolata, ine ndikukadya nkhuku yanga cha kumsika. Mbale zikhala ziwiri.”

“Ababa, chonde khalani pansi. Anthu akuona.”

“Aone. Ali ndi maso.”

“Asiye apite,” anatero a Benedicto. “Iwe khala pomwepo.”

A Timoteyo anamasula tambala wawo n'kuyamba kutsika mtunda wapansi. Mphepo inkalowa m'jekete ngati mulibe nsalu. Sanacheuke. Ankaopa kupeza kumbuyo kulibe munthu.

Tsiku limenelo boma lonse linali pa chakudya. Lesitilanti ya pafupi ndi depoti inali yodzaza ndi magauni akuda, makolo ndi azakhali, nyimbo zikuphulika pa sipika. Mwini wake anangoona tambala n'kugwedeza mutu asanamve n'komwe nkhani. Ku ina ya pafupi ndi pomwetsera mafuta anawauza kuti amaphika za pa mndandanda basi. Bambo wina wa chiwaya anavomera msanga, kuti abweretse aiponye m'mafuta. A Timoteyo anasuzumira m'chiwayamo. Mafuta ake anali akuda ngati a mu injini ya chigayo, ndipo munthu wovomera msanga chomwecho amakhala ndi lake. Anapitirira.

Kuseri kwa msika, kupitirira pa ogulitsa makala, kunali kanyumba ka malata, mkati muli mabenchi atatu ndi tebulo la thabwa. Ankadyeramo a kabaza ndi onyamula matumba a soya. Mwini wake anali mayi Luwiza, wa ku Chipata, amene anakwatiwa kuno kalekale koma lilime lake linakana kuoloka malire.

“Mufuna chani, atate? Nkhuku sinigula.”

“Sindikugulitsa. Ndikufuna mundiphikire, ndi mpunga wa anthu awiri.”

Mayi Luwiza anawayang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato.

“Mukapha mweka, kusosola mweka, nizaphika. Madzi otentha ali apo.”

“Mutu, mapazi ndi matumbo ndi zanu. Mtedza ndabweretsawu ndi wanunso. Koma poto akhale poti ndizimuona.”

“Muyopa kuti nizaba chiwalo?”

“Ndikuopa.”

“Ha! Imwe mwakalamba moipa.”

Anatero akusuntha mbaula kuiika pakhomo penipeni.

A Timoteyo anazungulira kuseri ndi mpeni wawo wa m'thumba. Anaponda mapiko, anaponda miyendo, nadula. Consolata anali atamuona kale tambalayo ali moyo, ndiye mwambo sunalakwike. Anasosola nthenga, anatumbula, anadula ziwalo n'kuziwerenga poziponya mumpoto. Kenaka anakhala pa benchi moyang'ana kunjira.

Dzuwa linayamba kupendekera ku mapiri a kumalire. A kabaza awiri analowa, anadya nyemba zawo, natuluka. Fungo la nkhuku ya chikuda linadzaza kanyumbako mpaka wogulitsa makala anasuzumira kufunsa ngati kuli ukwati. Mayi Luwiza anapakula, naika mbale ziwiri patebulo, ina n'kuivindikira.

“Wamene muyembekeza ni ndani?”

“Mwana wanga. Wamaliza lero pa koleji.”

“Azabwera?”

“Kaya.”

“Nanga akapanda kubwera?”

“Ndidya mbale zonse ziwiri, ndikagona ku depoti.”

Mumtima anali atagamula kale kuti sabwera. Sukulu imatenga mwana wako n'kukubwezera mlendo woti azikuchitira manyazi. Anaziona kwa anzawo a ku esiteti, anthu amene anathyola misana ndi fodya, lero ana awo amawapatsira moni pa foni. Nanga iwo anali ndani kuti ziwalambalale? Komabe sanasambe m'manja. Anakhala chikhalire, chipewa chili pabondo, mafuta a pamwamba pa msuzi akuyamba kugwirana.

Kabaza inaima panja ndi phokoso la mabuleki. Consolata anatsika, gauni ili m'thupi, nsapato zazitali zili m'manja. Analowa osaodira.

“Ndazungulira msika wonse kufunsa za mdala wa tambala. Aliyense akukudziwani, ababa. Tsiku limodzi lokha!”

“Khala pansi.”

“Sindikhala. Mwandichititsa manyazi pamaso pa aphunzitsi anga.”

“Ndakuchititsa.”

“Ndiye simupepesa?”

“Ayi.”

Mayi Luwiza anayamba kupukuta poto woyera kale, makutu ali tcheru.

“Nkhuku ya m'paketi sikhala ndi nthutumba, ababa. Ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa.”

“Nanenso ndikudziwa. Wayesa ine sindinaonepo firiji?”

“Nanga munafunsiranji?”

“Amalume ako anaimirira n'kunena kuti iwe ndi mwana wawo, ine ndine alamu a kumudzi. Ndinakuyang'ana. Iwe unali kuwerenga ulusi wa chisoti. Ndiye ndikanafunsa chiyani? Ndikanafunsa kuti bambo ake a mwanayu ali kuti? Ndinafunsa za nkhuku.”

Consolata anawerama. Anaika nsapato zija pansi pang'onopang'ono.

“Amalume akuti andipezera sukulu ya m'tauni,” anatero motsitsa mawu. “Akuti ali ndi anthu awo. Ndikanawatsutsa pagulu paja?”

“Ine ndilibe anthu. Ndili ndi nkhuku iyi, ndipo ikuzizira. Ukafuna kwera kabaza yako ubwerere. Sindinakumange luzi.”

Nthawi yomweyo kunja kunalira hutala. Galimoto ya a Benedicto inali itaima pakati pa matumba a makala, poti njira inathera pomwepo. Anatsitsa galasi, osatuluka.

“Consolata! Tiye, ku Lilongwe n'kutali! Alamu, zamasewerazo zakwana, musiyeni mwana!”

A Timoteyo sanadzuke. Anayang'ana khoma, pamene panapachikidwa kalendala ya chaka chatha. Hutala inaliranso, yaitali. A kabaza ndi amayi a tomato amene ankalongedza katundu wawo anaima kuonerera.

Consolata anapita pakhomo wopanda nsapato.

“Amalume, pitani bwino,” anatero mtsikanayo mokweza, msika wonse ukumva. “Ine ndikudya ndi bambo anga. Ndigona ku koleji, mawa ndiwaperekeza ku Chiosya.”

“Ukudziwa chimene ukutaya iwe?”

“Boma linditumiza kumene lingafune. Ana osadziwa kuwerenga ali konsekonse.”

A Benedicto ananena zina zimene zinamezedwa ndi injini. Galimoto inabwerera chafutambuyo, inagunda thumba la makala, mwini makala n'kuithamangira akutukwana.

Consolata anabwerera mkati, natenga jagi ndi beseni, nagwada kuwathirira madzi bambo ake. Kenaka anasamba iye, nakhala pa benchi, napinda manja a gauni.

“Vulani chovala icho, amama, muzachidonthezera supu,” anatero mayi Luwiza.

“Idonthere. Ndachivutikira.”

A Timoteyo sanamwetulire. Anavundukula mbale ija, nthutumba ili momwemo, n'kuikankhira kwa mwana wawo. Atalawa msuzi anakwinya nkhope, nauza mayi Luwiza kuti mchere wachuluka, ndipo kuti anawaona pamene ankathira kachiwiri.