Kapu ya pa Lamba

"Ichi ndiye tikutaya," anatero achimwene ake a Mzime, atanyamula lamba wa malemu bambo awo ndi zala ziwiri ngati agwira khoswe wakufa.

Kapu yachitsulo yomangirira pa lambayo inagunda botolo la madzi, nalonso lachitsulo, n'kulira kuti ngwe! Mayi, amene ankapinda malaya pa bedi, anacheukira kukhomo asanazindikire n'komwe kuti acheuka. Kwa zaka zonsezi kulira kumeneko kunkatanthauza kuti amuna awo afika, madzi a tiyi akhale pamoto.

"Bweretsani kuno," anatero Mzime.

Dzinali linali lapakhomo, poti ndiye anatsiriza kubadwa, ndipo ngakhale mtsikanayu anali atakula mpaka kupitirira mayi ake msinkhu, palibe amene ankadzivutitsa kumutchula lina. Analandira lamba uja n'kumuika pamiyendo.

Achimwene akewo anali dalaivala wa basi ku tauni, munthu wozolowera kuti akaliza hutala aliyense akwere. Maliro atangotha anakatenga makatoni kugolosale, ndipo ankalongedza katundu mwachangu ngati kuti chisoni nachonso chilowa m'katoni. Koma tisawanamizire, changu chawocho chinali ndi chifukwa. Nyumbayi sinali yawo. Inali ya nkhalango, yomangidwa pafupi ndi geti kuti muzikhala mlonda, ndipo mlonda akamwalira nyumba imadikira mlonda wina. Dzulo lake akapitawo anabwera chipewa chili m'manja, n'kunena kuti banjali likhoza kukhalabe ngati Mzime angalowe m'malo mwa bambo ake. Njira zonse ankazidziwa, poti ankaperekeza alendo kumathithi. Yankho linkafunika sabata isanathe.

"Mayi tikupita nawo ku tauni, nkhani yatha," anatero achimwene aja. "Iwenso ukapeza chochita kumeneko. Kapena ukufuna uzidedwa ngati bambo?"

"Bambo sankadedwa."

"Ayi ndithu, ankakondedwa zedi. N'chifukwa chake anthu akawaona pamsika ankasintha nkhani."

Zimenezo zinali zoona. Kale nkhalangoyi inkadyetsa dera lonse. Amuna ankacheka matabwa, akazi ankatola nkhuni, ndipo bambo ake anali mmodzi wa ocheka odziwika. Kenaka kunabwera lamulo loti nkhalango itetezedwe. Anaikuta ndi waya, malo ochekera matabwa anatsekedwa, m'malo mwa malole munayamba kulowa anthu a zikwama kumsana, odzamanga matenti ndi kujambula mbalame. Madzi a mumtsinje anayera, zimenezo palibe ankatsutsa. Ena anapeza ntchito yonyamula katundu wa alendo, ena ankagulitsa zipatso pageti. Koma ambiri anangotsala ndi masowo awo akuchita dzimbiri kuseri kwa chitseko. Bambo ake anavala yunifolomu, ndipo anzawo a dzulo anakhala anthu oti aziwapitikitsa.

Ndipotu ulonda wake unali woseketsa. Mlonda wanji womveka asanaoneke? Kapu ija inkalira phiri lonse, ngwe, ngwe, ngwe, mpaka ana anawapatsa dzina loti a Chikapu. Akapitawo anadandaula mpaka kutopa. Mayi anawasokera kathumba koti aziikamo kapuyo, kathumbako kanathera kusungira mabatani.

"Ndipo taona chipongwe chimene atichita," anapitiriza achimwene aja, akuloza pawindo. Kuseri kwa khitchini kunali mulu wa nkhuni, mitolo yomanga bwino ndi luzi, imene inkangopezeka m'mawa uliwonse chiyambire maliro. "Nkhuni za m'nkhalango, pamaliro a mlonda! Akutiuza kuti wapita uja, tsopano tizitola mmene tifunira."

"Ine ku tauni sindikupita," anatero mayi motsitsa mawu, maso ali pa malaya. "Ndikakhale pamwamba pa sitolo, ndizikaona chiyani? Mawaya a magetsi?"

"Mayi, nyumba si yanu iyi."

"Ndikudziwa, mwananga. Koma mapeyala ali panjawo ndinabzala ndine."

Mzime anamva chisoni chosakanikirana ndi mantha. Akakana ntchito, mayi ake akafota m'kachipinda ka ku tauni. Akavomera, ndiye kuti mawa lake azikathamangitsa amayi amene anamubereka kumsana ali khanda. Anatuluka panja lamba ali m'manja, kuti achimwene ake asamuone akulira.

Kukhitchini anapezako azakhali ake, mlongo wa malemu, akusanja mapoto amene anabwereketsa pamaliro. Anali mayi wouma thupi ndi pakamwa pomwe. Chimangidwire amuna awo, zaka zapitazo, anali asanapondeko pakhomopa, ndipo amene anawamanga amuna awowo anali mchimwene wawo yemweyu. Pamaliro anabwera, koma anakhala kutali, kumpanda.

"Poto wanga wamkulu wapsereratu kunsi," anatero azakhali osapereka n'komwe moni. "Amaphika ndani, wakhungu?"

"Pepani, zakhali. Ndikwecha."

"Usiye, ungamubowole." Anayang'ana lamba uja, ndipo manja awo anaima. "Ukupita naye kuti ameneyo?"

"Achimwene akuti titaye."

"Achimwene ako mutu wawo ndi wa hutala basi."

Mzime anaseka pang'ono misozi ili m'maso. Kenaka anafunsa chimene chinkamuvuta.

"Zakhali, nkhunizi akubweretsa ndani? Akutiseka?"

Azakhali anamuyang'ana ngati wafunsa ngati madzi amanyowetsa.

"Kukuseka? Iwe, mtolo umalemera. Munthu angathyoke khosi kuti akuseke? Wapamwambawo ndamanga ndine, suona mfundo yake?" Anakhala pa mpando wa khitchini n'kupukuta manja. "Kodi inu m'nyumba muno mumaganiza kuti bambo ako anali ogontha? Kuti kapu ija sankaimva?"

Mzime anayang'ana kapu ija pa lamba.

"Lamulo limati ngakhale kamtengo kogwa kokha usatole. Chabwino. Koma amene analemba lamulolo amaphikira magetsi. Ife timalowa pansi pa waya m'mawa, kutola zouma, zogwa ndi mphepo. Ndiye umangomva kutali uko, ngwe, ngwe, ngwe. Umadziwa kuti a Chikapu ali pa mlatho, nthawi yomanga mtolo ilipo. Ikamveka pa mwala waukulu paja, nyamula uzipita. Akamafika amapeza masamba okhaokha. Sanationepo ngakhale tsiku limodzi, choncho kwa akapitawo sananamepo ngakhale tsiku limodzi."

"Nanga amuna anu aja?"

Nkhope ya azakhali inauma.

"Amuna anga sanapite kukatola. Anapita ndi sowo, kukagwetsa mtengo wauwisi, waukulu, wa pamwamba pa kasupe. Ana analibe nsapato, usawaweruze. Tsiku limenelo kapu sinalire. Bambo ako anamva sowo, n'kuigwira kapuyo m'manja. Amuna anga anangozindikira munthu waima kumbuyo kwawo." Anakankhira poto pambali. "Mlamu wake weniweni, amene ankagwira naye sowo imodzi, wina uku wina uku. Anamutengera yekha ku ofesi."

"Munawakhululukira?"

"Ayi," anatero azakhali mosazengereza. "Ndipo sindidzamukhululukira. Koma ana anga akula akudya zophika, ndipo nkhuni zake ndi zimenezo. Zonse ziwiri ndi zoona, usandifunse kuti ndisankhepo chimodzi."

Panja mphepo inagwedeza mapeyala. M'nyumba munkamveka tepi ikumatidwa pa katoni.

"Andiuza kuti ndilowe m'malo mwawo," anatero Mzime.

"Dera lonse likudziwa. Ukuganiza nkhuni zikuchulukirachulukira chifukwa chiyani? Anthu ali ndi mantha kuti atibweretsera mlendo wa nsapato zosamveka."

"Ndikavomera, mudzandida?"

"Ukadzandigwirira mwana wanga, ndidzakuda. Funso lanji limenelo?"

"Ndiye mukamuuze asadzanyamule sowo, zakhali."

Azakhali anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anafwenthera chammbali.

"Pakamwa ngati bambo ako. Tandisenzetsa mapotowa."

Atabwerera m'nyumba, Mzime anayamba kumatula tepi pa katoni ya mbale. Achimwene ake analankhula zambiri, za tsogolo, za sukulu ya madzulo ku tauni, za mtsikana kuyenda yekha m'thengo. Zina mwa izo zinali zanzeru ndithu. Mzime sanawauze za kapu. Anaona kuti nkhani imene bambo ake anaisunga moyo wawo wonse si yoti ikakambidwe m'basi. Anangoti, "Mayi sakupita, inenso sindikupita." Mayi anatenga malaya amene anali atapinda aja n'kuyamba kuwabwezera pa mahang'ala. Madzulo ake achimwene aja, akung'ung'udzabe, anakwera pa denga n'kukhoma lata limene linkadontha, ati asasiye anthu ouma mitu akunyowa.

Tsiku loyamba ntchito, yunifolomu inamukulira m'mapewa. Akapitawo anamudikira pageti, n'kumupatsa kiyi ndi wezulo.

"Bambo ako anali munthu wokhulupirika, mitengo ya chigawo chawo ndi yokhayo imene sinaguge," anatero. "Koma phokoso lija, mwanawe, ayi. Mlonda aziyenda ngati mphaka."

"Ndamva, bwana."

Kapu inali m'chikwama, yokulunga m'mpango. Anadutsa pamalo a matenti, pomwe alendo awiri ankavutika kuyatsa kachitofu kawo, n'kuwathandiza. Anatola mapepala a masuwiti m'njira. Kenaka njira inayamba kukwera, mitengo inatseka kumwamba, ndipo kunazizira. Anadabwa kumva mmene nkhalango imakhalira chete munthu ukamayenda wopanda bambo ako kutsogolo.

Atafika pa mlatho anaima. Chakumtunda, mbali ya waya, kunkamveka kanthu. Anagwira mpweya n'kutchera khutu monga ankachitira bambo ake, mutu utapendekera kumodzi. Thyo. Thyo. Nthambi zouma zikuthyoledwa pa bondo. Mawu a amayi, otsitsa, ndi khanda likutsokomola. Anadikirabe, kufuna kumva ngati pansi pa zonsezo pali kulira kwa sowo. Panalibe.

Anatsitsa chikwama, n'kumasula mpango uja. Pa lamba wa bambo ake uja panali malo amodzi pomwe chikopa chinali chitasalala ndi kuda chifukwa cha kukhuzika, pafupi ndi botolo la madzi. Anamangirira kapu pamenepo, mfundo ziwiri. Kenaka anawerama n'kumasula chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga bwinobwino, n'kuchimanganso mosafulumira.

Atatero anadzuka, nayamba kukwera phiri pang'onopang'ono, akuponda mwamphamvu.