Mkaka Wokana Moto

Dzina loti a Wiritsani analitengera ku fakitale ya mkaka, kumene anagwira ntchito kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitati mbuu m'mutu. Ntchito yawo inali yoyang'anira mathanki otenthetsera mkaka. Munthu akangoyerekeza kutunga pang'ono kuti alawe usanadutse pamoto, iwo ankatulukira kumbuyo kwake ndi mawu omwewomwewo: "Wiritsani kaye!" Dzinalo linawakakamira, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawatchula lomwelo.

Atapuma pantchito, ukapitawo wonse anausamutsira kukhitchini. Zophika zina ankawasiyira mayi, koma tiyi wam'mawa ayi, ameneyo anali wawo. Ankaika mkaka pasitovu, kuuyang'anitsitsa mpaka ufufume, n'kuthira m'makapu awiri. Mayiwo anali munthu wosadziwa kudya m'mawa popanda tiyi wamkaka. Buledi ankamuviika momwemo, mapiritsi awo ankatsitsira momwemo, ndipo m'mimba mukatseguka choncho, chakudya cha tsiku lonse chinkalowa bwino.

Ndiye kunagwa matenda a m'mimba amene anawagoneka mayi kuchipatala. Anachira ndithu, koma potuluka anapeza kuti mkaka wa ng'ombe wasanduka mdani wawo. Akangomwako pang'ono, m'mimba munkapotokola mpaka thukuta kamukamu. Adokotala anati ausiye, n'kutchula za mkaka wa amondi, mtedza wina wautaliko wa khungu lofiirira. Tiyi wopanda mkaka mayi anamukana, ati ndi madzi otsukira mbale. Buledi wouma anamukananso. Pang'ono ndi pang'ono chilakolako cha chakudya chinathawiratu, ndipo madiresi anayamba kulendewera m'mapewa.

Mwana wawo wachisamba, amene ankakhala mumzinda wina kutali ndithu, anatumiza makatoni a mkaka wa amondi wogula. Mayi analawako kamodzi, n'kukankhira kapu kutali.

"Ukumveka katoni yomweyo," anatero.

A Wiritsani anaseka mpaka kutsokomola. "Ndimanena ine! Mtedza uli ndi bere pati? Anaukama ndani?"

Kusekako kunatha tsiku limene mwana uja anaimba foni. Anali ataona chithunzi cha mayi ake, ndipo sanafune zokambirana.

"Ababa, Loweruka ndikubwera kudzawatenga amayi. Azidzakhala kuno."

"Kudzawatenga? Ngati katundu?"

"Si choncho, ababa. Koma munthu sakudya. Inu mwayesetsa, zakanika. Kuno ndiziwaona ndekha."

"Nanga ine?"

"Muzidzabwera kudzawaona. Nyumba yanga mukuidziwa, ndi yaing'ono."

A Wiritsani anadula foni. Anachita mantha, mantha enieni, oti sanawamvepo ngakhale tsiku limene thanki inaphulika kumbuyo kwawo. Ankadziwa bwino kuti nkhalamba ikapita kwa mwana kukadwazika, kubwerako kwake kumakhala kwa mawa mawa. Anasuzumira kuchipinda. Mayi anali atagona choyang'ana kukhoma, ochepa ngati kamtsikana.

Anabwerera kukhitchini, natenga katoni ija, navala magalasi n'kuwerenga zolembedwa kumbuyo. Madzi, amondi pang'ono, ndi zina za mayina opotoza lilime.

"Ngati nkhani ndi madzi ndi mtedza," anadziyankhulira, "ndikama ndekha."

Anapita kusitolo ina yogulitsa mtedza ndi zokometsera zakudya, pafupi ndi pokwerera basi. Mwini sitoloyo, mayi wonenepa wokonda kucheza, anawayezera amondi m'kathumba n'kuwalangiza kuti awaviike usiku wonse, m'mawa awapere ndi madzi, kenako asefe pansalu.

"Koma pa nkhani yotenthetsa, bambo, muzi..."

"Za moto zokhazo musandiphunzitse, mayi," anawadula a Wiritsani akumwetulira. "Ine mkaka ndakalamba nawo."

Mwini sitolo anangokweza mapewa. Paja safunsa anadya phula.

M'mawa mwake amondi anali atatupa bwino. A Wiritsani anatsitsa bulenda yoperera zakudya imene inkangodya fumbi pamwamba pa kabati, napera, nasefa pansalu yoyera, akufinya ndi manja awiri mpaka mitsempha kutuluka. Zimene zinatsikira m'mbale zinawadabwitsa. Zinali zoyera, zosalala, zoti munthu wosadziwa akanalumbira kuti zachokera m'khola.

"Mukupera miyala kodi kumeneko?" anafunsa mayi ali kuchipinda.

"Gonani, mayi. Ndikukama."

Kenako anachita zimene manja awo ankadziwa. Anathira mkakawo m'poto, nakoleza moto waukulu, nadikira kuti ufufume. Sunafufume. Unangobwadamuka, n'kudukaduka, timibulu toyera kuyandama patokha, madzi otuwa pansi. Kwa munthu wa ku fakitale, chimenecho chili ndi tanthauzo limodzi lokha, lakuti mkaka wawonongeka. Mkaka wowonongeka sauganizira kawiri. Anaukhuthulira m'sinki n'kutsegula mpopi.

Mlandu anaupereka kwa amondi, ati ndi akalekale. Anakagula ena kusitolo ina, kuopa kuonana ndi mayi wonenepa uja. Mkaka unadukanso. Mlandu unapita kwa nsalu, ndipo anadula pilo watsopano kuti apeze ina. Unadukanso. Mlandu unapita kwa poto, yemwe anakwechedwa mpaka kuwala ngati galasi. Munthu mmodzi yekha amene sanaitanidwe pamlanduwo anali mwini moto.

Masiku ankapita, Loweruka likuyandikira. Mayi ankangodya supuni ziwiri zitatu za chilichonse n'kunena kuti akhuta. Tsiku lina madzulo a Wiritsani anawapeza atatsegula kabati ya zovala, akusankha madiresi n'kumawaika pabedi.

"Mukutani?"

"Ndikumuchepetsera ntchito mwanayo."

"Bwezerani."

"Bambo, tisalimbane ndi zoonekeratu. Mwina kumeneko ndikadya."

"Mukufuna kupita?"

Mayi anangopinda diresi lina mosamala kwambiri. A Wiritsani anatuluka, nakaviika amondi ena.

Lachisanu m'mawa zinachitikanso chimodzimodzi. Anaima pasinki poto ali m'manja, timibulu tija tikuwayang'ana. Mkono unali utayamba kale kupendeka pamene nthunzi inawafika kumaso. Anaima. Anaweramitsa mutu, nanunkhiza bwinobwino, ngati mmene ankachitira ndi zigubu za alimi m'mawa uliwonse. Panalibe kusasa ngakhale pang'ono. Fungo linali la mtedza wophika basi. Masiku onsewa maso ankaweruza okha, mphuno osaifunsa.

Pambali panali jagi mmene munatsalira mkaka pang'ono umene sunakwane m'poto. Unali utadekha, koma ataukhutchumula unabwerera mwakale, woyera, wosalala. Anauyang'ana, nayang'ananso wa m'poto. Amondi ake omwewo, nsalu yake yomweyo, madzi ake omwewo. Chosiyana chinali moto wawo.

Anakhala pampando manyazi atawagwira, ngakhale munalibe wowaona. Koma manyaziwo anali nkhani yaing'ono. Yaikulu inali yakuti tsopano ankayenera kupatsa mkazi wawo, munthu wodwala m'mimba, chinthu chosawira. Moyo wawo wonse anali atakalipira anthu pa chinthu chomwechi. Anaganiza za tizilombo tosaoneka timene ankaopseza nato anyamata a ku fakitale. Ayi, zimenezo sakanachita.

Komanso kusiya sakanasiya. Anayendayenda m'khitchinimo, kuchoka pafiriji kufika pazenera, akung'ung'udza ngati munthu wotaya makiyi. Ngati mkakawu ukukana moto, ndiye moto uyambe wadutsa pa china chilichonse mkaka usanabadwe. Anaimirira pakati pa khitchini n'kuwomba m'manja kamodzi.

Anawiritsa madzi ambiri n'kuwasiya kuti azizire atavundikira. Amondi amene anatsala oviika anawaponya m'madzi obwadamuka kwa kanthawi, ndipo atawatsanula anapeza kuti makungu akungosupuka okha ukawafinya ndi zala, mtedza n'kutuluka woyera ngati dzino la mwana. Anawiritsa nsalu, nawiritsa supuni, natsuka bulenda ndi jagi ndi madzi otentha mpaka zala kufiira. Atapera ndi madzi ozizira aja, anathiramo kamchere ndi uchi pang'ono. Kenako anaika mkakawo pamoto wochepetsetsa, akutakasa, dzanja lina lili pa batani la sitovu. Kanthunzi koyamba katangooneka, anazimitsa. Dzanjalo linkafuna kuwonjezera moto lokha, moti anachita kuliika m'thumba.

Woyamba kuthira mu tiyi wowira unadukanso pang'ono. Sanataye mtima. Anaona kuti tiyi akamusiya apume kaye, n'kumamuthira pang'onopang'ono pamwamba pa mkaka m'malo mothira mkaka mu tiyi, zinthu zinkagwirizana. Analawa kapu imeneyo ali chiimire. Sunali mkaka wa ng'ombe, ndipo iwo sakananama. Koma unali tiyi woti munthu n'kumwa.

Tsikulo sanawapatse mayi. Anafuna ayambe aona m'mimba mwawo momwe ngati mugone bwino, ndipo munagona bwino.

Loweruka mwana uja anafika m'mawa kwambiri, atayenda ndi galimoto kusanache. Analowa ndi sutikesi yopanda kanthu, napsompsona mayi ake amene anali atakhala patebulo atafunda juzi, ndipo ataona mmene manja awo anaondera anatembenukira kukhoma kuti apukute maso.

"Ababa, tisachedwe. Njira ndi yaitali."

"Munthu sanyamuka ulendo osamwa tiyi. Khala pansi."

"Tiyi wake uti? Mukudziwa kuti amayi..."

"Ndati khala pansi, iwe."

Mwanayo anakhala, sutikesi ili pambali pa mwendo. A Wiritsani anabweretsa makapu atatu ndi mbale ya buledi. Kapu imodzi anaiika patsogolo pa mayi.

Mayi anayang'ana mtundu wa tiyiyo, nayang'ana amuna awo.

"Mukufuna kundipha?"

"Mulibe ng'ombe mmenemo. Imwani."

"Ndi wa m'katoni uja?"

"Ndakama ndekha, ndi manja awa."

Mayi ananyamula kapu ndi manja awiri, nanunkhiza, namwa pang'ono. Anayendetsa lilime m'kamwa. M'khitchinimo munkangomveka firiji.

"Si mkaka uwu, bambo."

Mwana uja anagwira chogwirira cha sutikesi.

"Si mkaka," anabwereza mayi, "koma si katoni." Anamwanso, kambiri ndithu ulendo uno. Kenako anatambasula dzanja, nanyema buledi, namuviika. Anadya chidutswa chimenecho, nanyema china. Palibe amene anayankhula, kuopa kuti angachidzidzimutse chilakolakocho n'kuthawanso. Kapu itatha, anaikankhira kwa amuna awo osawayang'ana.

"Onjezerani."

A Wiritsani anathamangira kusitovu ngati mnyamata.

Mwanayo anadikira mpaka kapu yachiwiri itafika pakati. Anali mwana wa bambo ake, wosagonja msanga.

"Amayi, ndasangalala, koma makapu awiri sachiza munthu. Tiyeni ndithu, mukakhale mwezi umodzi wokha."

"Kwanuko uli ndi nthawi yosenda mtedza umodziumodzi?"

"Ndingaphunzire."

"Ungaphunzire, inde, ndiwe mwana wabwino." Mayi anapukuta pakamwa. "Koma ine masiku onsewa ndimamva zonse ndili kuchipindako. Ndimamva akupera, ndimamva akutaya, ndimamva akutukwana poto. Munthu ameneyu sanagonjerepo aliyense pa nkhani ya mkaka chibadwire, koma wagonjera mtedza chifukwa cha ine. Ndiye ndinyamuke ndimusiye yekha ndi makapu awiri? Sindipita."

Mwanayo anayang'ana bambo ake. A Wiritsani anali atatembenukira kusinki, akutsuka nsalu imene inali yoyera kale, mapewa akugwedezeka. Chibadwire mwanayo anali asanawaonepo akulira, ndipo sanadziwe poyang'ana.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "akangoyambanso kuonda, ndibweranso."

"Ubwere," anayankha osacheuka. "Ukadzawapeza ataonda, ndidzakunyamulira ndekha chikwamacho mpaka pagalimoto."

Mayi anagogoda patebulo ndi supuni.

"Mwatha kukangana? Wina andipatse mapiritsi anga tiyiyu asanazizire."