Mpando wa a Teun

"Unabwereketsa kwa ndani?" anafunsa Ineke ataima pakhomo pa shopu, jekete likudontha madzi amvula.

Ruud, mlongo wake wamng'ono, sanadzutse mutu. Anapitiriza kupukusa gudumu la njinga imene ankakonza.

"Kwa munthu basi. Ndinamupeza pa intaneti. Ankaoneka waulemu."

"Waulemu. Ndiye ulemu wakewo ndi umene unamuimiritsa pakati pa masapota athu, n'kumavina timu ya ku likulu itagoletsa?"

"Ine ndikanadziwa bwanji, achemwali? Tsoka silinunkha."

"Lakoli linanunkha, koma iwe mphuno unatseka ndi ndalama."

Nkhani yake inali yotere. Bambo awo, a Teun, anali ndi khadi lolowera kubwalo la mpira chaka chonse, ndipo mpando wawo unali umodzimodzi kuyambira ali mnyamata wonyamula katundu kudoko. Mumzinda uno mpando wotere sugulidwa ngati buledi. Anthu amaudikira mpaka kumera imvi, ena amatsikira kuli chete akudikirabe. Mapapo atayamba kuwavuta, a Teun anapereka khadilo kwa Ruud kuti mpando usazizire. Ndiye litafika tsiku la masewero aakulu aja, amene masapota a ku likulu saloledwa ngakhale kununkhiza chipata, Ruud anabwereketsa khadilo kwa mlendo amene anatambasula dzanja bwino. Mlendoyo anali wa ku likulu komweko. Anzake atagoletsa, analephera kudzigwira. Zibakera zinauluka, mowa unatayika, alonda anamutulutsa magazi ali chuchuchu. Tsono khadi likalakwa, wolakwa ndi mwini dzina. A kukalabu analifufuta, mpando n'kupatsa wina, dzina la a Teun n'kulitseka kuti lisagulenso tikiti.

Nkhalamba yopuma ngati mvukuto wobooka inawerengedwa m'gulu la oyambitsa ndewu, eni akewo osadziwa kanthu.

"Ndinali kwa adokotala dzulo," anatero Ineke. "Akuti nyengo yozizira ino adadi satuluka nayo. Ndipo ukudziwa chimene apempha? Akufuna akaonere mpira komaliza Lamlungu likubwerali, pampando wawo."

Gudumu lija linaima.

"Mwawauza?"

"Woipitsa ukhale iwe, wokolopa ndikhale ine?"

"Chonde musawauze. Angapite akudana nane."

Ineke anamuyang'ana nthawi yaitali. Mtima unkafuna kumuwaza khofi limene Ruud anayenera kulandira kalekale ali mwana. Koma anaganiza za nkhope ya bambo ake, n'kutembenuka kutuluka osatsazika.

Iyeyo mpira sunkamukhudza. Kwa iye unali chinthu chimene chinkalanda abambo panyumba Lamlungu n'kuwabweza atasasa mawu. Koma sabata imeneyo anaphunzira zambiri mokakamizika. M'mawa umene matikiti otsala ankagulitsidwa, anakhala pa kompyuta, foni kudzanja linali, akuyang'ana kamzere kamene kankasendera pang'onopang'ono ngati nkhono. Nthawi yake itakwana, anangouzidwa kuti zonse zatha. Anakwera njinga mumphepo kupita ku ofesi ya kalabu. Mtsikana wa pawindo anali waulemu mpaka kukwiyitsa.

"Pepani mayi, dzina limeneli n'lotsekedwa. Mukhoza kudandaula. Komiti imakumana pakapita miyezi ingapo."

"Miyezi imeneyo bambo anga alibe."

"Pepani kwambiri. Malamulo sindinapange ine."

Madzulo a tsiku lomwelo Ineke anakasaka a Koos, mnzawo wa a Teun amene ankakhala nawo moyandikana kubwalo kuyambira kale. Anawapeza m'kabala ka pafupi ndi poimira tramu, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda, akudya tinsomba ta hering'i ndi anyezi.

"Usavutike kufotokoza, mwana wanga," anatero a Koos. "Ndinalipo. Chibakera choyamba chinali changa."

"Ndiye bwanji simunawauze adadi?"

"Ndikamuuze Teun kuti mwana wake anakhazika mdani pampando wake? Ine ndakalamba, koma sindinapenge."

Anapukuta zala, n'kutulutsa makhadi awiri m'chikwama.

"Ili n'langa, ili n'la mayi akunyumba, Riet. Iwe ukalowe ngati Riet, iye akalowe ngati ine. Amene anapatsidwa mpando wa Teun ndi munthu womva, ndimuuza asendere kwanga. Teun akakhala pamalo pake penipeni."

"Nanga akatigwira?"

"Alanda onse awiri."

"Ayi, a Koos, zimenezo n'zazikulu."

"Tenga. Munthu uja tinanyowa naye mvula imodzi zaka zonsezi. Koma khadilo usamuonetse, umadziwa mutu wake."

Ineke analandira makhadiwo. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anamuwonjezera mkwiyo pa Ruud.

Lamlungu masana anawapeza a Teun atameta kale ndevu, atavala mpango wawo wa timu umene unali utasuluka mpaka mitundu yake kumangoganizira. Jekete linkawalendewera m'mapewa. Koma maso anali owala ngati a munthu wopita kuukwati.

"Ruud ali kuti?"

"Akuti ntchito yamuchulukira."

"Lamlungu? Njinga zake zimapemphera?" Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Chitawasiya anati, "Ndimamufuna lero. Ndinamuuza kuti ndili naye mawu. Nanga khadi langa wakupatsa?"

"Ndasunga ine, adadi. Inu muzingoyang'ana poponda."

M'tramu munali modzaza, anthu akuimba, ena atayamba kale kununkha mowa. Wina anawapatsa a Teun malo. Atatsika anayenda pang'onopang'ono, akupuma pamtengo uliwonse wa magetsi, fungo la tchipisi ndi mayonesi likuwalonjera. A Teun ankaloza uku ndi uku. Apa ndi pamene anaterereka chaka cha chisanu choopsa chija. Apo ndi pamene anamunyamula Ruud paphewa tsiku limene timu inatenga chikho. Ineke ankangovomera, dzanja lili m'thumba, litafumbata makhadi.

Chinthu chimodzi sanachiganizire, iye ngakhale a Koos. Munthu amene walowera chipata chimodzi moyo wake wonse sangalowe mobisala.

"A Teun!" anakuwa mlonda wa pachipata, bambo wamtali wotchedwa Orlando. "Ndimayesa munatithawa, madala."

"Ndithawe ndikusiyire ndani, iwe? Ukadali kuba malipiro poima pamenepa?"

Orlando anaseka, koma kuseka kwake kunazima msanga. Ankadziwa za khadi lija. Aliyense wa mbali imeneyo ankadziwa. Ineke anagunditsa khadi pamakina, dzina n'kuonekera. Orlando analiwerenga, n'kuyang'ana Ineke, n'kuyang'ananso bwana wake amene anaima chapafupi, wailesi ili paphewa. Kenako anakweza mawu kuti bwanayo amve.

"Lowani msanga, a Koos. Takulandirani."

Munthuyo ankathandiza. Koma a Teun anaima chilili.

"Wati ndani?"

"Tiyeni, adadi."

"Ndati wati ndani?"

Anatsomphola khadi m'dzanja la Ineke ndi mphamvu imene iye sankadziwa kuti akadali nayo. Analiyandikitsa kumaso. Kumbuyo anthu anayamba kukankhana.

"Tiyeni kutsogoloko, akulu, mpirawu si wa mawa ayi," wina anatero.

A Teun anapatuka pamzere. Ineke anawatsatira mpaka pakhoma pamene panalibe anthu.

"Khadi langa lili kuti?"

Panalibenso pothawira. Ineke anafotokoza zonse, za mlendo, za ndewu, za ofesi. Anayesa kuchepetsa mbali ya Ruud, koma nkhaniyo inalibe pochepetsera. A Teun anamvetsera atatsamira khoma, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Wa ku likulu," anatero potsiriza. "Pampando wanga."

"Madzi akatayika saoleka, adadi. Koma lero mpandowo ulipo, a Koos akonza zonse. Orlando watilola. Tiyeni tilowe."

"Ndilowe pakhomo panga ndi dzina la munthu wina, ngati mbala?"

"Ndi kamodzi kokha."

"Ndipo bwana uja akatsegula maso? Koos ataye wake, Riet ataye wake, Orlando ntchito imuthere, zonsezo chifukwa cha mwana wanga? Banja lathu ladya kale mpando umodzi. Wakwana."

Ineke anachonderera mpaka misozi inatuluka. Sizinathandize. Anawagwira mkono, n'kukakhala nawo pabenchi ya simenti kunja kwa bwalo. Mzere unatha, zipata zinatsekedwa, pamalopo n'kutsala mapepala ndi makapu akuuluzika ndi mphepo. Mkati anthu anayamba nyimbo imene amaimba osewera akamalowa. Milomo ya a Teun inagwedera pang'ono, koma mawu sanatuluke.

Patapita nthawi phokoso linakwera, n'kugwa mwadzidzidzi.

"Taphonya," anatero a Teun. "Pagolo penipeni."

Kenako analankhula osamuyang'ana Ineke.

"Ukudziwa mawu amene ndinali nawo? Ndimati mawa tipite naye ku ofesi, ndikasinthitse dzina ndikadali moyo. Nyumba n'ya lendi. Galimoto sindinakhalepo nayo. Iwe ndinakupatsa mphete ya amayi ako. Iyeyo ndimati ndimusiyire mpandowo."

Chisoni chinamugwira Ineke, ndipo pansi pa chisonicho panali mkwiyo umene sankadziwa kokautula.

Foni inalira m'thumba mwake. Anali Ruud.

"Ndisayankhe," anatero Ineke.

"Bweretsa kuno."

A Teun anakonza pakhosi, n'kudikira kuti chifuwa chikhazikike.

"Ruud? Eya, talowa. Sukumva phokosoli? Mpando uli bwinobwino, ndautenthetsa." Anamvetsera pang'ono. "Ayi, mawuwo sanali ofunika. Konza njinga zako."

Anabweza foni.

"Asadziwe kuti ndadziwa," anatero. "Wamva? Ngakhale ine nditapita. Chimene wasenzacho chamukwanira."

"Adadi, ndiye ine ndisenze zonse?"

"Iwe ndiwe wamkulu."

Nthawi yomweyo bwalo lonse linaphulika. Simenti inanjenjemera pansi pa mapazi awo, nkhunda zinabalalika padenga, anthu zikwizikwi akukuwa dzina limodzi. Timu inali itagoletsa. A Teun sanacheuke. Anavula mpango uja, n'kuupinda bwinobwino, n'kuulowetsa m'thumba la jekete.

"Makhadiwo ukabweze lero lomwe," anatero. "Tiye kunyumba, kwazizira."

Anayenda kubwerera njira yomwe ija, akupuma pamtengo uliwonse, koma tsopano osaloza kanthu. Tramu inabwera yopanda munthu, poti nthawi imeneyo palibe amene amachoka kubwalo.