Dzanja la Apongozi pa Makina a Moven

Zaka zisanu ndi ziwiri chikwatirire Luse, Moven anali asanagwirepo dzanja la apongozi ake. Ngakhale kuyang'anana m'maso, ayi ndithu. Bana Luse, apongozi akewo, anali mayi wa ku Kasama wosunga mwambo mosanyengerera. Akabwera kudzacheza ku komboni ya Ng'ombe kumene banjali linkakhala, mawu onse opita kwa mkamwini ankadzera mwa mwana wawo, maso ali pansi, ngakhale onse atakhala m'chipinda chimodzi. Moven zinkamupweteka zimenezi. Mayi ake omubereka anamwalira ku Katete iye akali wamng'ono, ndipo ankalakalaka tsiku loti mayi awa adzamulankhule okha ngati mwana wawo.

Pantchito anali munthu wabwinobwino, wodula kapinga ndi kuthirira maluwa kumayadi. Koma Lamulungu masana ankagwidwa ndi matenda ake a makina. Anaimika paipi ya pulasitiki pathabwa, m'kati mwake n'kudutsitsa lamba wa labala, pamwamba n'kuvundikira mbale ziwiri zachitsulo, pansi chopukusira cha chigayo chakale cha nyama. Ukapukusa, mbalezo zinkadzaza magetsi aja amene amathetheka munthu akamavula juzi, koma awa anali aukali. M'mwezi wa Julaye, kunja kuli gwa kuuma, timoto ting'onoting'ono tinkalumpha mpaka kuoneka masana.

Lamulungu lina anafuna kuona tsitsi likuimirira, monga anaonera pafoni. Vuto n'lakuti mwiniwakeyo anali ndi mpala. Ananyengerera Luse mpaka anamubwereka wigi yake ya kutchalitchi, yaitali yofika m'mapewa. Mwamuna wamkulu, bambo wa ana atatu, anaivala, n'kukwera pakireti ya zakumwa kuti magetsi asathawire pansi, dzanja lamanzere pa mbale. Luse ankapukusa uku akufa nako kuseka, msana ataulozetsa kukhomo. Wigi ija inayamba kudzuka, tsitsi lililonse kwayekha, mpaka mutu wa Moven unakhala ngati tsache latsopano.

Apongozi ankayembekezeka Lolemba. Koma basi anaipeza msanga, ndipo anafika tsiku lomwelo.

Anakankha katani yapakhomo n'kulowa monga mwa masiku onse, maso pansi. Anangoona mapazi a mkamwini pakireti, mwina n'kuganiza kuti akukonza denga. Anatula chikwama, nayenda molunjika kwa iye, natambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono.

"Ba Moven, mwana wanga, zaka zakwana. Ndipatseni dzanja."

Luse anasiya kupukusa, kukamwa kuli yasa. Moven anayang'ana dzanjalo. Dzina lake, m'kamwa mwa mayi amenewa! Ankadziwa bwino lomwe kuti thupi lake ladzaza, ndipo kuti kungotsika pakireti magetsi onse akanathera pasimenti. Koma sanatsike. Nanga auze apongozi kuti adikire, pamawu oyamba enieni amene amuyankhula? Dzanja lawo linali m'malere, ndipo kulisiya choncho kukanakhala chipongwe chosaiwalika. Anapereka lake.

Zala zisanakhudzane n'komwe, kamoto kabuluu kanalumpha, thwa!

Bana Luse anakuwa, nabwerera chambuyo mpaka kugunda chitseko. Ndiyeno anadzutsa maso. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo anayang'ana mkamwini wawo kumaso, ndipo chimene anaona ndi mwamuna wandevu ataima pamwamba pawo, atavala tsitsi la mwana wawo, likutsika pang'onopang'ono kumuphimba nkhope.

Palibe anaseka. Moven anatsika, nagwada, wigi ili m'manja, nayamba kufotokoza za lamba ndi mbale ndi mphepo youma, mawu akupunthwa okhaokha. Luse naye analowererapo m'Chibemba, kunena kuti ndi masewera chabe, sizipha munthu, ngakhale iye zinamumenyapo kangapo. Mayiwo anayang'ana zala zawo, nazipukuta pachitenje kawiri, mosafulumira. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa kwambiri Moven.

Kenaka maso awo anabwerera pansi. Anatembenukira kwa mwana wawo, nalankhula ndi mawu ofatsa aulemu.

"Luse, uwauze atate a ana kuti ndafika bwino."